Danga la Khumi ndi Chinayi

9 Epulo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tadzuka, kupatula Amayi, amene chifuwa chija sichinawasiyebe. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumangoti "zili bwino, zili bwino" kwinaku mukugogoda kompyuta, pomwe kalata Amayi amaisunga m'dilowa ya makina osokera, n'kumandiuza kuti ndiwawerengerenso Lamlungu lililonse.

Nkhani ndi iyi. Mu Febuluwale galimoto ya kafukufuku wa kuntchito kwanu inaima pabwalo la sukulu imene ndimaphunzitsa sabata yathunthu, kujambula m'chifuwa amayi onse a zaka zopitirira makumi asanu okhala pafupi ndi fakitale ya simenti. Amayi anali achitatu pamzere. Anavala diresi ya kutchalitchi, ndipo anauza aliyense, mpaka dalaivala, kuti manambala onsewo akupita kwa mwana wawo. Anawapatsa khadi lolembedwa 1846, n'kuwauza kuti amene chithunzi chake chidzaonetse vuto adzalandira kalata yomuitana pasanathe masabata asanu ndi limodzi, ndipo amene sadzalandira kanthu asade nkhawa.

Masabatawo atha. Kalata sinabwere, koma chifuwa chikunkirankira. Nditawauza kuti tipite kuchipatala chachikulu anandiyankha kuti: "Iwe mzime, ukufuna ndikaume pabenchi tsiku lonse, mayunifolomu makumi atatu akundidikira? Funsa a Nambala. Akati pita, ndipita."

Ndiye a Nambala, ndakufunsani. Tayang'anani pa 1846, mutiuze.

Ine mlongo wanu.

26 Epulo

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi kwa Amayi. Tonse tili bwino, ndipo alamu ako akupereka moni.

Ndiyambe ndi chimene sichikusangalatse: pa 1846 sindingayang'anepo. Tinalonjeza mayi aliyense amene anajambulidwa kuti wogwira ntchito sadzafufuza zotsatira za munthu amene akumudziwa. Lonjezolo likathyoledwa kamodzi chifukwa cha mayi wanga, mawa lithyoledwa chifukwa cha apongozi a wina, kapena mkazi amene mwamuna wake akumukayikira. Ine ndi amene ndimaphunzitsa lamulolo kwa anzanga atsopano.

Komabe uwafotokozere Amayi mmene ntchitoyi imayendera, kuti mtima wawo ukhale m'malo. Mayankho onse ali pa tebulo limodzi lalikulu m'kompyuta. Mayi aliyense ali ndi mzere wake wopingasa, ndipo funso lililonse lili ndi danga lake lotsika: danga la zaka, danga la ntchito, danga la zimene amaphikira, mpaka danga la chithunzi cha m'chifuwa. Dokotala akaona banga m'mapapo amalemba 1 m'danga limenelo, akapanda kuona kanthu amalemba 0. Mndandanda wa oitanidwa sulembedwa ndi munthu, amene angatope kapena kulumpha mzere. Umatulutsidwa ndi pulogalamu imene yagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi popanda dandaulo.

Tebulolo ndimalisamala ndine. Mwezi watha ndinapeza madanga ake ali balalabalala, la zaka lili kumapeto, la kulemera kwa thupi lili pakati pa mafunso a khitchini, moti aliyense wofuna kanthu ankataya nthawi. Ndi lamulo limodzi lalifupi la pa kompyuta ndinawasanja onse makumi anayi ndi awiri motsatira fomu ya mafunso. Sindinasinthe nambala ngakhale imodzi, ndinangosuntha malo. Abwana anati sanaonepo tebulo laukhondo chotero, ndipo ukawauza Amayi zimenezo sindikwiya.

Mwachidule: kusabwera kwa kalata ndi uthenga wabwino. Za chifuwacho apite pachipatala chaching'ono cha pafupi akalandire mankhwala, ndipo asiye kusoka mawindo ali chitsekere.

Ine mchimwene wako.

2 Juni

Achimwene,

Moni nonse. Kalata yanu inafika, ndipo ndaiwerenga katatu: koyamba kwa Amayi, kachiwiri kwa Amayi ndi amayi a pagolosale, kachitatu kwa Amayi ndi aliyense amene anabwera kudzatenga yunifolomu. Ndime ya abwana anu aiiloweza pamtima.

Pachipatala chaching'ono tinapita. Anayeza makhololo, n'kunena kuti si chifuwa chachikulu, ndipo anapereka mapiritsi a masiku khumi. Anathandiza sabata imodzi yokha.

Makalata anu oitana anthu anafika kale m'dera muno, ndipo akhala nkhani ya pampope. Alandira amayi ogulitsa makala, alandira achemwali awiri aja a kuseri kwa chigayo, alandiranso mayi ake a kalipentala. Amayi akuti mwaitana mpingo wa fodya wokhawokha, chifukwa aliyense mwa amenewa sayenda opanda kabotolo ka fodya wa m'mphuno. Amayi a makala atabwerako, atauzidwa kuti mapapo awo ali bwinobwino, anadutsa pakhomo pano kudzanyada. Amayi anawauza kuti: "Mwana wanga wakuitanani kuti mukaone tauni musanafe, inu mukuyesa matenda."

Tinaseka, koma achimwene, ine sindikuseka. Madiresi awo onse awachepetsa m'chiuno. Akasoka msoko umodzi amasiya kupalasa makina, n'kugwira thebulo ndi manja awiri mpaka mpweya ubwerere. Ndikatchula chipatala chachikulu amatsegula dilowa, n'kundionetsa kalata yanu ngati chiphaso cha dokotala. Mawu anga salemera m'nyumba muno. Alembereni inuyo kuti apite.

Ine mlongo wanu.

12 Julaye

Achimwene,

Moni, ngati moni wathu amafika. Patha masabata asanu ndi limodzi, yankho palibe. Ndaimba kawiri, alamu akuti muli ku maphunziro, kenako akuti muli pamsonkhano. Kapena makalata athu nawonso amafunika nambala kuti muwaone?

Dzulo ndikusesa ndinapeza tizidutswa ta nsalu tokulungidwa pansi pa makina. Tonse tili ndi magazi. Nditawafunsa anati anadzibaya ndi singano. Munthu wosoka zaka makumi anayi sadzibaya kakhumi pa sabata imodzi.

Lamulo lanu ndalimva, ndipo ndi labwino. Koma amene akutsokomola kuchipinda uku si apongozi a wina. Ngati simungayang'ane, nenani mawu amodzi okha: apite.

Ine mlongo wanu.

5 Ogasiti

Mlongo wanga,

Moni. Ndinafika bwino. Masiku anayi amene ndinakhala nanu kuchipatala chachikulu unandifunsa kawiri chimene chinandichititsa kuimba foni m'mawa uja kuti uwatengere Amayi kumeneko tsiku lomwelo. Kawiri konse ndinalowetsa nkhani ina. Ndikuyankha tsopano, ndipo ndiyankha mwadongosolo, chifukwa njira ina yolankhulira sindiidziwa.

Kalata yako ya mu Juni ndinaipeza nditabwera ku maphunziro. Ndinaseka nthabwala ya mpingo wa fodya, n'kuiika pansi pa mafayilo kuti ndidzayankhe. Ya mu Julaye ndinaiwerenga nditaimirira, ndipo ndinathyola lamulo. Pa mzere wa 1846, m'danga la chithunzi, panali 1. Dokotala anaona banga pa 26 Febuluwale, ndipo analemba molondola.

Ndinatsegula pulogalamu yotulutsa mndandanda, imene sindinaitsegulepo chiyambire ntchito. Anailemba mnzathu wina amene anachoka kalekale. Pulogalamuyo siitana danga ndi dzina lake. Imangoti: tenga danga la khumi ndi chinayi, ndipo aliyense amene ali ndi 1 m'menemo aitanidwe. Ili ngati dzanja la Amayi, limene limapita lokha m'dilowa yachitatu kukatenga singano, maso ali pansalu. Ukasinthanitsa madilowa, dzanjalo silidziwa.

Mpaka pa 11 Malichi, danga la khumi ndi chinayi linali la chithunzi. Tsiku limenelo ndi limene ndinasanja tebulo. Danga la chithunzi linapita pa nambala 31, ndipo pamalo pake panagwera funso lakuti, kodi mumagwiritsa ntchito fodya? Nalonso yankho lake ndi 1 kapena 0. Mndandanda unatuluka pa 15 Malichi.

Anajambulidwa amayi 2,640. Amene anali ndi banga ndi 118. Amene anavomera za fodya ndi 112. Manambala awiriwa ndi oyandikana, choncho palibe amene anadabwa. Amayi 35 anali m'magulu onse awiri, ndipo madokotala atawapeza ndi matenda anakhutira kuti zinthu zikuyenda. Kuti oitanidwa onse anali a fodya, anangoti n'zoyembekezeka. Amayi 77 anavutitsidwa pachabe. Amayi 83 anasiyidwa. Woyamba kuona choona anali Amayi, ali pamakina awo, ndipo ine ndinaseka.

Amayi sanaitanidwe chifukwa sanakhudzepo fodya moyo wawo wonse. Kuwerenga pulogalamuyo ndisanasunthe madanga kukananditengera mphindi zisanu.

Kuchipatala kuja, iwe utapita kukagula madzi, ndinafunsa dokotala za nthawi imene tinataya. Anati: "Sindingalumbire, bambo. Koma mu Malichi chotupa cha m'mapapochi tikanachichotsa ndi mpeni. Pano chafika kuchiwindi." Ndikukuuza monga ananenera, popanda kuwonjeza kapena kuchotsa.

Pali cholakwa chachiwiri, chimene kwa ine n'chachikulu kuposa choyamba. Mu Epulo Amayi anati akapita ine ndikanena. Ndinakana kuyang'ana, komabe ndinawatsimikizira. Munthu amene wakana kuyang'ana alibe ufulu wotsimikizira.

Zonsezi ndazilemba kwa abwana tsiku limene ndinabwerera. Andichotsa pa kompyuta mpaka kufufuza kudzathe, ndipo makalata oyenera atumizidwa. Ndikupempha chinthu chimodzi: Amayi usawauze. Ndidzawauza ndekha, ndikadzapeza pakamwa pake.

Ine mchimwene wako.

29 Ogasiti

Mlongo wanga,

Moni. Sunayankhe, ndipo foni yanga sukuinyamula. Sindikudandaula. Alamu ako akuti unawauza kuti Amayi atulutsidwa, ali kunyumba ndi mankhwala opha ululu. Ndiuzeko ngati akudya, ndiponso ngati akugona.

Mwa amayi 83 aja, 58 apezeka ndipo aonedwa ndi dokotala. Anayi tinapeza atamwalira kale. Otsala 21 anasamuka, ena kutsatira ana awo kumadera akutali, ndipo makalata akubwerera osatsegulidwa. Ofesi ikufuna anthu oyenda khomo ndi khomo.

Ndikufuna kubwera Loweruka la pa 14 Seputembala kuti ndidzagwade pamaso pa Amayi. Ndikufunsa iwe poyamba chifukwa ndiwe amene wanyamula nyumbayo. Ndibwere?

Ine mchimwene wako.

6 Seputembala

Achimwene,

Moni. Amayi amadya supuni zinayi kapena zisanu. Amagona chokhala, atatsamira mapilo atatu. Makina tawafunditsa nsalu, ndipo mayunifolomu otsala ndinawabweza kwa eni ake osasokedwa.

Kalata yanu ya pa 5 Ogasiti sindinathe kuibisa. Envelopu yanu amaizindikira ili patali, ndipo anaiona m'chikwama mwanga tsiku limene tinatuluka m'chipatala. Anati: "Ya a Nambala iyo. Werenga." Ndinati ndi ya kusukulu. Anati: "Ndakubala ndine. Werenga." Ndinawerenga yonse, mpaka manambala anu. Pa ndime ya madilowa anandiimitsa kuti ndibwereze.

Dzulo ndawauza kuti mukufuna kubwera. Yankho lawo ndalilemba monga linatulukira:

"Umuuze kuti ndamva. Umuuze kuti amayi 21 amenewo nawonso ali ndi ana, ndipo akukhala ngati mmene ndinkakhalira ine, kuyesa kuti kusabwera kwa kalata ndi uthenga wabwino. Asabwere kuno asanawapeze onse."

Ine ndilibe chowonjezera.

Mlongo wanu.

10 Okutobala

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe, ndi kwa Amayi ngati angaulandire. Mawu awo ndinawamva, ndipo ndi olungama. Sindipempha kuti achepetsedwe.

Ndikulemba ndili m'kachipinda ka alendo kuseri kwa depoti ya mabasi, tauni yachisanu chinyamukire. Ndimayenda ndi dalaivala wa ofesi ndi namwino mmodzi. Mwa amayi 21 tapeza 17. Njira yake ndi yapang'onopang'ono: timayambira pa nyumba yakale, oyandikana nawo amatilozera kwa mphwake, mphwakeyo amatilozera ku tauni ina, ndipo kumeneko timafunsa pamsika ndi m'matchalitchi.

Lachiwiri tinapeza mayi wina akuchapa kuseri kwa nyumba ya mpongozi wake. Nditamufotokozera zonse, osabisa kuti wolakwa ndine, anapukuta manja, n'kundipatsa mpando ndi madzi akumwa. Anati: "Mwayenda mtunda wonsewu chifukwa cha ine? Mayi anu analera bwino." Ndikanakonda akananditukwana.

Atsala anayi. Awiri akuti ali ku minda ya kumapiri, kumene foni sigwira, ndipo tinyamuka Lolemba. Ndikayerekeza, pofika pakati pa Novembala ndidzakhala nditamaliza. Uwauze Amayi nambala imeneyi: anayi.

Ine mchimwene wako.

22 Okutobala

Achimwene,

Foni yanu sikugwira, choncho ndapereka kalatayi ku ofesi yanu kuti galimoto ikupezeni nayo. Amayi atisiya dzulo m'mawa, cha m'ma 9 koloko. Ndinali nawo, pamodzi ndi amayi a pagolosale. Sanavutike kwambiri pomaliza.

Pali chimene muyenera kudziwa musanafike, chifukwa mukadzaima pakhomo sindidzatha kuchinena.

Mawu amene ndinakulemberani mu Seputembala ndi awo, ndipo sindinasinthe ngakhale limodzi. Koma sindinalembe onse. Nditamaliza kuwawerengera kalata yanu ija, anayamba kuseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anati: "Ndiye ndikanadziwa ndikanayamba fodya. Zaka zonsezi ndikuthamangitsira bambo anu panja ndi ndudu yawo, kani ndikudzitsekera khomo." Ine ndinkalira, iwo n'kumati: "Mwana ameneyu sanasinthe. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anandisanjira ulusi motsatira mitundu, ndinatha sabata ndikusoka kolala yoyera ndi ulusi wobiriwira. Amangofuna kuti zinthu zikhale bwino."

Za kusabwera kuja, ananena akumwetulira, ndipo anapitiriza kuti: "Ukamusiya adzangokhala pamphasa apa n'kumandiyang'ana ngati mbuzi yogwidwa m'munda. Mupatse ntchito sabata imodzi kapena ziwiri, mtima utsike, kenako abwere ndidzamukoke khutu." Iwo ankayesa kuti amayi 21 ndi ntchito ya masabata awiri. Ine ndinadziwa kuti si choncho. Ndinadziwanso kuti inu mukawerenga chiganizo mumachitsatira mpaka pa mpumiro. Ndinali ndi mkwiyo, achimwene, ndipo ndinafuna kuti muwawidwe. Ndinalemba zolemera zokhazokha, zopepuka n'kusunga.

Kuyambira kumapeto kwa Seputembala ankandiuza kuti ndiwakhazike pafupi ndi windo nthawi ya basi ya masana. Ankafunsa kuti: "A Nambala atsala ndi angati?" Ndinkayankha kuti sindikudziwa. Kalata yanu itafika ndinawauza kuti anayi. Anati: "Anayi okha? Ndiye ali pafupi. Uchape mabulangete a chipinda chake." Tsiku limenelo ndinaimba foni kuti ndikuuzeni zoona, koma munali mutalowa kale kumapiri. Ndinali ndi masabata oposa asanu oti ndiimbe foni ikugwira.

Simunathamangitsidwe. Sanakwiye nanu ngakhale tsiku limodzi. Amene anakutsekerani khomo ndine, ndipo sindikudziwa ngati inu ndi ine tidzatha kuyang'anana. Koma tatsala awiri, ndipo sindingathe kuwanyamula ndekha.

Tiwaika Loweruka. Namwino ndi dalaivala apitirize kufufuza. Inu bwerani, atsale angati atsale.

Ine mlongo wanu.